Lachisanu Andilowetsa M'nyanja

Anomabo
4 Ogasiti 1991

Okondedwa achimwene a Agyekum,

Moni kwa inu, kwa alamu a Dufie ndi onse a pakhomo. Muli bwanji? Bondo lija likukuvutanibe? Ine ndafika bwino ndi mwana wanga Oforiwaa, koma mtima watsala komweko ku Kofiase. Kodi ndinatseka zenera la kukhitchini? Ndaganiza njira yonse kuyambira ku Kumasi mpaka kuno, sindikukumbukira. Pitani mukaone. Muonenso mbuzi yabere ija ngati ikudya.

Oforiwaa akuti kusukulu kumene amaphunzitsa atsekera, ndiye ndibwere ndidzapume, chifukwa chimwalirireni bambo ake chaka chatha sindinapumeko. Wandipezera chipinda pa nyumba ya alendo ya m'mbali mwa nyanja. Akuti ndi tchuthi. Achimwene, ine wa zaka makumi asanu ndi ziwiri, wovala zakuda, tchuthi ndichita nacho chiyani?

Koma nyanja imene ankainena bambo a Oforiwaa ija ndaiona. Zaka makumi atatu ankandiuza, ine nkumati akuwonjezera. Sankawonjezera ayi, ankachepetsa. Madzi amachokera kutali ali phee, kenaka amadzuka, kutalika ngati khoma la tchalitchi chathu, nkupindika, nkugwa pansi ndi phokoso limene umalimvera m'mimba. Limenelo lisanathe, lina ladzuka kale kumbuyo. Ndinafunsa Oforiwaa kuti amasiya nthawi yanji, anaseka mpaka kukhala pansi.

Dzulo anandikakamiza kuti ndikangoviika mapazi. Ndinaima pamchenga wonyowa, madzi akulekeza m'akakolo. Nditaona funde likubwera ndinatembenuka kuti ndithawe. Linandimenya kuseri kwa mawondo, ndinagwa chafufumimba, ndipo pobwerera linkachotsa mchenga pansi panga. Linkandikoka, achimwene. Ndinalimva ndithu ngati manja a munthu. Oforiwaa ndiye anandigwira mkono. Patapata wakumanzere wapita. Mpaka pano mchenga uli m'makutu, ndipo ndikuopa kuti ulowa m'mutu. Kodi zimatheka?

Ndikudzuka pamenepo, mpango uli m'khosi, ndinamva mawu kumbuyo: "Osaipatsa msana, iwe wa kutchire!" Kucheuka, ndi alamu anga a Araba, mlongo wawo wamkulu wa malemu. Mukuwakumbukira, aja ananena pamaliro kuti, "Zaka makumi atatu mwamubisa kutchire kuno, lero mukumukwiriranso konkuno." Ndinkadziwa kuti Anomabo ndi kwawo kwa malemu, koma Oforiwaa anati tikakhala kutali ndi abale. Kutali kwake ndi kuseri kwa mitengo ya kokonati.

Anaima ndi beseni la nsomba pamutu, osaseka. Anayang'ana nsalu yanga yakuda kuyambira pamwamba mpaka pansi nkunena kuti, "Yatha ntchito iyi." Basi nkumapita. Akutanthauza chiyani? Nsaluyi sinang'ambike paliponse.

Ndiyankheni msanga. Kalatayi ndapatsira a Boakye a lole ya nsomba, akuti abweranso kuno Lachisanu.

Ndine mlongo wanu,
Abrafi

Kofiase
7 Ogasiti 1991

Mlongo wanga Abrafi,

Moni. Kalata yako ndalandira dzulo. Tonse tili bwino. Bondo likadalipo, silinapite kulikonse.

Zenera linali lotseka. Unalitseka, unaika mpiringidzo, unatsamiritsanso mtondo. Wakuba akafuna kulowa m'khitchini mwako ayenera kuyamba wagwetsa khoma. Mbuzi yabereka Lolemba, ana awiri, onse akuyamwa.

Za mchenga usade nkhawa. M'mutu mwako ndi modzaza kale, mchenga sungapezemo malo. Ndawawerengera a Dufie za kugwa kwako akusinja fufu, nsima yathu ya chinangwa ija, aseka mpaka munsi kuwapulumuka. Iwe uli mwana unkakana kuwoloka kamtsinje ka kumunda, kamene nkhuku imawoloka osanyowa nthenga, ine ndinkachita kukubereka. Lero wapita kukalimbana ndi nyanja?

A Araba aja asiye. Pakamwa pawo mpowawa, koma usaiwale kuti pamaliro anabwera ndi madengu awiri a nsomba, anthu nkudya masiku atatu. Za nsalu, mwina amangonena kuti yasuluka. Ndi zoona yasuluka, ine ndinkangoopa kukuuza.

Mwana wakuchitira chinthu chabwino. Khala komweko, idya nsomba, unenepe. Pobwera unditengere zowamba zazikuluzikulu, osati timitu timene a Boakye amatigulitsa kuno.

Ndine mlongo wako,
Agyekum

Anomabo
9 Ogasiti 1991

Achimwene,

Moni nonse. Lero Lachisanu a Boakye sanabwere, akuti lole yafera ku Kumasi. Ndiye sindikudziwa ngati kalata yanga munailandira, sindikudziwa za zenera, sindikudziwa kanthu. Iyi ndapatsira mayi wina wopikula nsomba amene akupita ku Mampong, kufupi ndi kwathuko. Muiwerenge muli nokha.

Si tchuthi ichi, achimwene. Andinamiza.

Lachitatu m'mawa a Araba anabwera ndi amayi ena awiri. Anakhala pakhonde ndisanawapatse mpando. Anatulutsa nsalu yoyera m'thumba nkuiika pamiyendo panga.

"Chaka chakwana," anatero. "Lachisanu la sabata yamawa tikulowetsa m'nyanja, tikusambitse, uvule zakudazi. Mlongo wathu apume, nawenso upume."

Ndinati, "Alamu, kwathu wamasiye amasamba madzi a m'chidebe kuseri kwa nyumba, zimakwana."

"Kwanu. Koma amene anakukwatira anali wa kunyanja. Mkazi wake asamba m'nyanja."

"Kulekeza pati? M'mawondo?"

Amayi awiri aja anaseka. A Araba anati, "Mawondo ndi amene anakwatiwa? Funde likuphimbe mutu katatu."

Ndinayang'ana Oforiwaa. Ankayang'ana zala zake. Mwana wobereka ndekha ankadziwa zonse kuyambira pamene tinkakwera basi.

Tsono imvani china. Pali mayi wogulitsa kokonati pagombe. Dzulo akundiboolera kokonati anati, "Ndiwe wa Lachisanu uja eti? Ngati unamusunga bwino mwamuna, usaope. Koma amene analakwira mwamuna nyanja imamudziwa. Imamugwira mwendo." Ananena akuseka, anzake nawonso kuseka.

Achimwene, pali chimene sindinakuuzeni. Bambo a Oforiwaa atayamba kutupa miyendo, anandipempha katatu kuti ndibwere nawo kuno. Ankati, "Abrafi, ndikangonunkhizako nyanja, kenaka tibwerera." Ine ndinakana. Ndinati msewu ndi woipa, ndinati akafera m'lole, ndinati tidikire mvula ithe. Zoona zake ndinkaopa. Ndinkaopa msewu, ndinkaopa abale awo, ndinkaopa madzi amene ndinali ndisanawaone. Kachitatu anangotembenukira kukhoma. Patatha masabata awiri anapita. Tsono funde la Loweruka lija, mukuganiza kuti linkakoka aliyense? Panali ana akusewera pomwepo, silinawagwetse. Linasankha ine.

Sinditha kukhala m'chipinda, phokoso limanditsata. Sindithanso kukhala pagombe, koma ndi pamene miyendo imanditengera. Ndimakhala pansi pa mtengo kuyang'ana asodzi. Akafuna kulowa amaima ndi bwato lawo m'madzi a m'chiuno, osapita, maso kutsogolo, milomo ikugwedera. Ndikuganiza amapemphera. Kenaka mmodzi amakuwa, onse nkudumphiramo nkupalasa ngati amisala, bwato nkuima chilili pafunde, mphuno kumwamba, nkusowa, nkuonekeranso kuseri. Amuna amphamvu otere amayamba apemphera. Nanga ine?

Ndipo paliponse ndingakhale, ndikacheuka, a Araba ali poteropo. Amanamizira kutsuka beseni kapena kutola makoko a kokonati. Akundilonda kuti ndisathawe.

Ndichite chiyani? Ndikathawa adzati ndathawa chifukwa ndikudziwa mlandu wanga, ndipo Oforiwaa sadzapondanso kwa bambo ake. Ndikalowa, nyanja indigwira anthu onse akuona, mwana wanga ali pomwepo. Ndiuzeni, inu ndinu wamkulu.

Mlongo wanu,
Abrafi

Anomabo
11 Ogasiti 1991

Okondedwa amalume,

Moni kwa inu ndi azakhali a Dufie. Ndikhulupirira muli bwino. Kalatayi ndaiponya ku positi chifukwa a Boakye sakuoneka.

Ndiyambe ndi kupepesa. Ndinabwera ndi amayi kuno osakuuzani zonse. Azakhali a Araba anandilembera mu Juni kuti chaka chikakwana amayi adzasambe m'nyanja monga amachitira akazi onse a pabanja pa abambo. Ndikanawauza amayi, mukudziwa nokha, akanadwala tsiku lomwelo. Ndikanakuuzani inu, mukanawauza a Dufie, ndipo a Dufie akanauza mudzi. Ndiye ndinati ndi tchuthi. Silinali bodza lonse. Ndinafunadi kuti aone nyanja, aizolowere sabata imodzi kapena ziwiri, adye, agone.

Koma zalephereka. Sakundilankhula. Kenke, nsima ya kuno yokulunga m'masamba, ndikawagulira amangoifunyulula nkuisiya. Amadzuka, kupita pagombe, kubwera, kupitanso. Dzulo ndinawerenga maulendo asanu ndi atatu. Ndawauza kuti palibe choopsa, amayi asanu amakugwira, ndipo zimatha munthu asanamalize Atate Wathu. Amangoti, "Iwe sudziwa."

Chonde amalume, alembereni. Inu amakumverani. Auzeni kuti ndi kusamba chabe. Chaka chonse akhala ngati nawonso anakwiriridwa, ndipo ine ndikufuna amayi anga abwerere.

Mphwanu,
Oforiwaa

Anomabo
12 Ogasiti 1991

Achimwene,

Moni. Yankho lanu silinafike, ndiye ndaganiza ndekha.

Ndafunsa mwini nyumba ino. Akuti Lachiwiri ndi tsiku limene nyanja imapuma. Asodzi salowa, mabwato onse amakhala pamtunda, amuna amakasoka maukonde kumudzi. Ndiye pagombe sipakhala munthu. Ndipo ngati nyanja ikupuma, ndiye kuti mafunde nawonso amachepa, si choncho?

Mawa m'mawa Oforiwaa akupita ku Cape Coast kukagula za Lachisanu. Akangokwera galimoto ndikalowa ndekha. Ndilekeza m'chiuno basi. Ikandisiya, ndiye kuti ilibe nane mlandu, ndipo Lachisanu ndidzalowa mtima uli pansi. Ikandigwira, bola indigwire mwana asakuona.

Musakwiye. Sindikufuna kufa ayi, ndikungofuna kudziwa. Masiku anayi ena osadziwa sindingakwanitse.

Kalatayi ndaisiya kwa mwini nyumba kuti apatse a Boakye akabwera. Mbuzi ikabereka, ana ndi a Oforiwaa. Zilazi za kumunda wa kumtunda musazisiye ziolere pansi.

Abrafi

Kofiase
13 Ogasiti 1991

Abrafi,

Mayi wa nsomba uja wandipatsa kalata yako masana ano. Ndaiwerenga kawiri ndili ndekha monga unanenera, kenaka ndawawerengera a Dufie.

Imva bwino. USALOWE. Ndi ndani anawauza anthu amenewo kuti iwe ulibe abale? Akufuna kusambitsa mlongo wanga, mwini wake ine osandiuza? Munthu wosadziwa kusambira, akamumize katatu, kenaka adzati nyanja yaweruza! Ndinakuuza kuti a Araba ndi abwino chifukwa cha madengu a nsomba. Ndabweza mawu amenewo. Ndipo Oforiwaa umuuze kuti masukulu ake aja samupanga kukhala malume.

Za mwamuna wako, siya. Ine ndinalipo. Unamusambitsa miyezi inayi, unamudyetsa ndi supuni. Munthu wotupa choncho ukanamukweza lole akanafera pa Kumasi, ndipo lero bwenzi ukundilembera kuti unamupha ndi msewu. Ndimakudziwa.

Lole ya a Boakye akuti ituluka mawa kapena mkuja. Ndawapatsa iyi pamodzi ndi ina imene akhala nayo m'thumba sabata yonse. Ine ndikubwera Lamulungu ndi akuluakulu awiri a pabanja pathu. Lachisanu likakwana unene kuti wadwala m'mimba. Dzitsekere m'chipinda, kutseka umadziwa.

Agyekum

Anomabo
14 Ogasiti 1991

Amalume,

Amayi ali moyo. Ndiyambe ndi zimenezo, kuti muwerenge zotsalazi mutakhala pansi.

Dzulo ndinapita ku Cape Coast. Pobwera masana ndinapeza pakhomo pa nyumba ya alendo pali anthu. Amayi agona pakhonde atafunda nsalu za anthu ena, tsaya lasupuka, akusanza madzi amchere. Pambali pawo pakhala azakhali a Araba, mlomo wotupa, dzino limodzi la kutsogolo palibe, akutukwana aliyense wowafunsa kuti zatani.

Nkhaniyi ndaimva kwa amayi ena amene anaona. Nditangochoka, amayi anatsikira kugombe okha. Lachiwiri kuno kumakhala zii, ndipo ndi tsiku limene ngakhale ana amaletsedwa kusewera m'madzi, chifukwa palibe msodzi woti angakuvuule. Dzulo nyanja inali yoipa kuposa masiku onse, mafunde ankafika pomwe amakokera mabwato. Amayi akuti anaima kanthawi, anamanga nsalu yawo mwamphamvu, nkulowa. Sanafike nkomwe m'chiuno. Funde loyamba linawagwetsa, lachiwiri linawagubuduza, ndipo madzi pobwerera anawatenga ngati chikuni.

Azakhali anali kuseri kwa bwato. Akuti chifikireni amayi, sanawasiyepo okha pagombe ngakhale tsiku limodzi. Anathamanga akukuwa, koma atafika m'madzi anaima. Amayi ena ankakuwa kuti, "Lowani, akupita!" Iwo osasuntha, akuyang'ana mafunde. Linadutsa lina lalikulu, linanso, ndiye anadumphira. Anawagwira amayi tsitsi, nkuwakokera kumtunda. Atatsala pang'ono kutuluka lina linawapeza onse awiri nkuwamenyetsa pamchenga, mutu wa amayi nkugunda pakamwa pa azakhali. Dzino linapita pamenepo. Mayi wa zaka makumi asanu ndi limodzi mphambu zitatu, amalume, anatuluka m'madzi wopanda nsalu, mkono wina wagwira amayi, wina ukuloza amuna amene ankathamangira kuchokera kumudzi: "Mwachedwa, agalu inu! Tembenukani, simunaonepo amayi anu?"

Namwino wa pachipatala chaching'ono wawaona onse awiri, akuti palibe chothyoka. Amayi sanandiuze chifukwa chimene analowera. Ndikawafunsa amangolira. Azakhali anandithamangitsa pakhonde nkukhala nawo awiri mpaka dzuwa kupendeka, sindikudziwa zimene anakambirana.

Ine ndalakwa, amalume. Ndawauza azakhali kuti za Lachisanu zitheretu, ndibwerera nawo amayi kumudzi, avale zakuda mpaka adzatope nazo okha. Azakhali anati, "Usandiuze ine, uwauze amako." Ndawauza.

Oforiwaa

Anomabo
16 Ogasiti 1991

Okondedwa achimwene,

Moni kwa inu ndi alamu a Dufie. A Boakye afika masana ano ndi makalata anu awiri nthawi imodzi. Mu yoyamba mukuti ndidye nsomba ndinenepe, mu yachiwiri mukubwera ndi nkhondo. Ndawerenga yachiwiri poyamba, ndiye ndinasokonezeka. Zikomo za zenera ndi mbuzi. A Boakye akubwerera mawa m'mawa, ndipo ndawapempha kuti iyi akupatseni m'manja Lamulungu lisanafike. Akupatsaninso ina ya Lolemba imene ndinasiya kwa mwini nyumba. Ndinafuna kuibweza koma anali ataiika kale m'thumba. Imeneyo musawawerengere a Dufie.

Oforiwaa akuti anakulemberani za Lachiwiri. Ndinapusa, sindikukana. Nyanja sipuma Lachiwiri, amapuma ndi anthu.

Ndili gone pakhonde paja, a Araba anathamangitsa onse nkukhala pafupi nane. Ndinati, "Alamu, mukanandisiya. Yandidziwa."

"Yadziwa chiyani? Yadziwa kuti ndiwe chitsiru cholowa m'madzi Lachiwiri."

Ankalankhula movutika chifukwa cha mlomo. Ndinawauza zonse, za katatu kaja, za kutembenukira kukhoma, ndi zimene ananena mayi wa kokonati. Ndinkadikira kuti andilavulire. Anangogwira pamene panali dzino.

Kenaka anati, "Wa kokonati uja amuna ake atatu anamuthawa, ndipo amasamba m'nyanja tsiku lililonse. Zimene anakuuzazo timaopsezera atsikana ongokwatiwa kumene."

Ndinati, "Koma ine ndinawakanizadi."

"Nanga ine? Mwamuna wako Kobina ananditumizira mawu mwezi womwewo kuti, achemwali bwerani ndikuoneni. Inali nyengo ngati ino, nsomba zili mbwee, ng'anjo zanga zinayi zowambira nsomba zikufuka. Ndinati ndipita nsomba zikachepa. Ndinapita ndi nsomba zomwezo kukadyetsa anthu pamaliro ake. Pamene ndinkakulalatira paja umaganiza ndinkalalatira ndani?"

Achimwene, sindinawaonepo a Araba akulira, ndipo tsiku limenelonso sanalire. Anangomina nkunena kuti, "Ikanakhala yogwira olakwa, ikanayamba ine. Imagwira osawerenga."

Ndiye ndinadziwa kuti asodzi aja sapemphera. Amawerenga. Mafunde aakulu amabwera motsogozana, atatu kapena anayi, kenaka pamakhala kampata. Lachitatu ndi Lachinayi a Araba anandikhazika pamchenga kundiwerengetsa ngati mwana wa sukulu. Ndikalakwitsa ankanditsina. Oforiwaa anabwera ndi chikwama chomangamanga kuti tizipita. Ndinamuuza kuti achimasule. Musaganize kuti mantha anali atatha. Koma munthu wataya dzino chifukwa cha ine, ndikanakwera basi bwanji?

Lero m'mawa anabwera amayi asanu. Kalata yanu yoti ndidwale m'mimba inali isanafike, koma m'mimba munadwala mokha, ndinapita kuseri katatu. Anandivula mpango. Awiri anandigwira mikono, awiri m'chiuno, wina kumbuyo, a Araba patsogolo. Tinaima m'madzi a m'mawondo. A Araba anati, "Werenga ndiwe. Ukanena kuti tiyeni, tipita." Ndinawerenga aakulu anayi. Ndinasiya kampata koyamba kadutse, kachiwirinso. Palibe anandikankha. Mayi wa kumbuyo anangoti, "Mlamu, ife tili ndi nsomba pamoto." Kachitatu ndinati tiyeni.

Tinalowa mpaka m'chifuwa. Madzi ozizira ngati a m'mtsuko. Ndinaona funde likudzuka patsogolo panga, lobiriwira, dzuwa likuwala mkati mwake, ndipo thupi lonse linkafuna kutembenuka. A Araba anakuwa, "Liyang'ane! Tsika!" Tinatsika tonse. Linadutsa pamwamba pathu ndi mkokomo, linandigwedeza ngati mtengo, koma manja khumi anali pa ine. Nditadzuka a Araba anati, "Muitane." Ndinati ndani? "Mwamuna wako, chitsiru iwe, umuuze kuti wafika."

Zaka makumi atatu sindinawatchulepo dzina. Ndinakuwa, "Kobina! Ndabwera kwanu!" Funde lachiwiri linandipeza kukamwa kuli yasa, ndinamwa madzi ambiri. Lachitatu sindikulikumbukira bwino, ndinkalira, ndipo amayi aja ankaimba. Nsalu yakuda anaimasula tili m'madzi momwemo. Nyanja inaitenga, mwendo wanga inausiya.

Tsono za Lamulungu. Akuluakulu aja asiyeni kumudzi, kuno kulibe mlandu. Mukabwera ndi mawu aukali kwa a Araba mudzandichititsa manyazi, ndiponso sadzakusiyani, ngakhale alibe dzino limodzi. Koma inu bwerani, Oforiwaa sanasiye kulira ndipo akufunika malume ake. Mukhale kumbuyo kwa dalaivala, osati kukhomo, zitseko za magalimoto a kuno zimatseguka zokha. Bondo mulimange. Musadye nyama ya panjira. Mukafika musayandikire madzi ndisanakuonetseni poima.

Mukandisowa pa nyumba ya alendo, mudzandipeza kung'anjo kwa a Araba, ndikuwathandiza kutembenuza nsomba mpaka mlomo upole. Musadzafunse za mayi wovala zakuda, adzakuuzani kuti kulibe. Mudzafunse wa nsalu yoyera.

Ndine mlongo wanu,
Abrafi